Piritsi Limodzi pa Chigubu Chimodzi

Phokoso limene ndimalikumbukira kwambiri la chaka cha kolera ndi laling'ono: kulira kwa kapepala kasiliva pamene chala chikukankha piritsi kuti lituluke. Kankangoti tswi, piritsi n'kugwera m'madzi, basi. Ndinkalimva m'mawa uliwonse pageti pa nyumba yathu ku Highfield, ndipo chala chokankhacho chinali changa.

Mipopi inali itauma kalekale. Ukatsegula inkangokhosomola mpweya. Mapaipi a zonyansa anali ataphulika m'misewu yathu, ndipo timitsinje takuda tinkayenda m'mbali mwa mipanda mpaka cha kumashopu a ku Machipisa. Madzi tinkatunga pachitsime chimene anthu anakumba kudambo, kuseri kwa nyumba zomaliza. Sukulu zinali zotseka, aphunzitsi atasiya kubwera, ndiye ntchito ya madzi inagwera ine. Ndinkadzuka kusanache, kukweza zigubu pawilibala n'kukaima pamzere, ndipo ndinkabwerako dzuwa litakwera kale.

Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu. Amene anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, m'nyumba imene anasiya agogo aamuna, omwe anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito m'fakitale kuno kunja kwa Malawi. Agogo ankapikula tomato ndi masamba kumsika waukulu wa ku Mbare n'kumagulitsa pakona pa msewu wathu. Mawondo awo anali atatha, koma pakamwa panali pabwinobwino.

M'chipinda chakumbuyo munkakhala aroja, monga tinkawatchulira anthu a lendi kumeneko: bambo ena aatali, mkazi wawo, ndi kamwana kamene kanali katangoyamba kukwawa. Anachokera kufamu ina cha ku Banket, komwe anawachotsa famuyo itasintha eni ake. Onse awiri anabadwira pafamupo, koma makolo awo anali a ku Malawi, ndipo n'chifukwa chake agogo anawapatsa chipindacho. "Ndatopa kukalipa m'Chishona," anandiuza. "Ndikufuna anthu oti ndikawakalipira azimva zonse."

Bambowo sanawapatse mpata wowakalipira. Ankawalemekeza agogo ngati apongozi awo: akakumana m'kakhonde ankapatuka, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Sankafunsa chochita. Tinkangopeza geti lakonzedwa, ngalande yapalidwa, chigamba chakhomedwa padenga. Kufamu ntchito yawo inali ya kudipi, kosambitsira ng'ombe, ndipo m'tauni ankasenza matumba a anthu ku Mbare. Ankanyamuka ine ndili kuchitsime, n'kubwera madzulo.

Kolera itafika m'dera lathu, panyumba ina ya mumzere wathu womwewo anatulutsa mtembo wokulungidwa m'pulasitiki. Panalibe kugona pamaliro, panalibe kupatsana chanza. Posakhalitsa kunabwera lole ya anthu a zaumoyo, ndipo banja lililonse linalandira timapepala tasiliva ta mapiritsi othira m'madzi. Anati piritsi limodzi pa chigubu chimodzi, ndipo udikire pang'ono usanamwe. Atafunsidwa kuti adzabweranso liti, anati sakudziwa.

Agogo anasonkhanitsa athu ndi a aroja m'chitini cha mabisiketi, n'kuchiika pashelefu pamwamba pa mgolo wa madzi umene unkakhala m'kakhonde. Nyumba yonse inkamwa mumgolo womwewo. Madzulo amenewo, tili awiri kuchipinda kwathu, anandipatsa lamulo.

"Piritsi limalowa m'chigubu pageti, madzi asanalowe m'nyumba. Mumgolo usaponyemo kanthu. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Chifukwa chake ukuchidziwa?"

Ndinapukusa mutu.

"Mgolowo suphwa. Madzi a lero amatsanulidwa pamwamba pa a dzulo. Ukathira m'menemo udziwa bwanji kuti awa adya kale mankhwala, awa sanadye? Uzingothira atsopano okha. Tikatero mapiritsiwa atifikitsa kumapeto kwa mvula."

Ndinkachita zomwezo. Ndinkatenga kapepala kamodzi pamwamba pa mulu wa m'chitini, kuyenda nako m'thumba mpaka kathe, khoko lake n'kuponya pamoto. Mulu unkatsika pang'onopang'ono monga agogo anayembekezera. Nthawi zina ankatsegula chitinicho, kusuzumiramo, n'kutsekanso ali okhutira.

Madzi athu ankanunkha mankhwala kuposa a nyumba ina iliyonse. Ankakanda kukhosi. Tiyi akapezeka ankamveka ngati waphikidwa m'beseni la kuchipatala. Mkazi wa aroja, amene tinkangowatchula kuti mayi a mwana, ankatsina mphuno akamamwa. Agogo ankanyadira. "Kununkhako ndiye moyo wanu, imwani!" Azimayi oyandikana nafe ankabwera ndi makapu kudzapempha oti ana awo amwe, ati madzi a kwa gogo ndiye enieni. Ine ndinaona kuti a m'chigubu, nditangowathira kumene, sankanunkha kwambiri ngati a mumgolo, ndipo ndinaganiza kuti n'chifukwa cha chivindikiro.

Tsiku lina nditabwerako kuchitsime ndinapeza kuti kapepala ka m'thumba katha. Ndinasiya zigubu pageti n'kulowa kukatenga kena. Kamene ndinagwira m'chitini kanali kopepuka. Nditakatembenuza, timaenje tonse tinali tobooka. Ndinatenga kena, chimodzimodzi. Ndinakhuthula chitini chonse pansi. Anali makoko okhaokha, owongoledwa bwino, osanjidwa moyang'ana kumodzi. Mulu umene tinkauona tsiku ndi tsiku, n'kumati tidakali nawo ambiri, unali wa timapepala topanda kanthu. Munalibe ndi piritsi limodzi lomwe, ndipo mvula inali isanafike n'pakati pomwe.

Ndinaitana agogo. Anabwera akugwira khoma, n'kuima. Kenako anachita chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita chiyambire kuvutika mawondo: anakhala pasimenti penipeni, miyendo atatambasula. Anayamba kutola timapepalato kamodzikamodzi, kukasisita ndi chala, n'kukaika pambali.

"Wagulitsa?"

"Ayi, agogo."

"Ndiyang'ane."

Ndinawayang'ana. Anandiyang'anitsitsa, n'kubwerera kumakoko aja.

"Wogulitsa sabweza makoko," anatero motsitsa, akudziyankha okha. "Nanga ndi mfiti yanji yaukhondo chonchi?"

Mayi a mwana anatuluka m'chipinda chawo, mwana ali kumsana. Ataona zimene zinali pansipo anagwira pakamwa. Analumbira kuti chitinicho sanachikhudzepo, poti ankadziwa kuti ine ndimathira pageti. Tsiku limenelo agogo sanapite kokagulitsa. Zigubu zinakhala pomwepo padzuwa, palibe anayerekeza kuzilowetsa.

Bambo aja atafika madzulo anafuna kudutsa mwachangu monga mwa masiku onse.

"Bambo a mwana, lero musapatuke. Bwerani kuno."

Ananjuta pakhomo la khitchini, chipewa chili pabondo. Agogo anawakankhira chitini chija.

"Izi mukuzidziwa?"

Anasuzumiramo, ndipo nkhope yawo inamasuka, ngati munthu amene amaopa kuti akufunsidwa zina zovuta.

"Eya, mayi. Onse alimo. Palibe limene ndataya."

"Alimo chiyani?"

"Makoko. Lililonse ndikamaliza ndimabweza pansi pa enawo."

"Mumabweza kuti atani? Abereke?"

"Kuti muone kuti ndinagwiritsa ntchito, mayi. Kufamu ukathira mankhwala a dipi, chitini chopanda kanthu umakachipereka kwa akapitawo. Ukachitaya amati waba."

Ine ndinali nditaima pafupi ndi mgolo.

"Munkathira kuti?" agogo anafunsa.

"Mumgolomu. M'mawa uliwonse ndisananyamuke." Anadzuka, n'kutulutsa kuseri kwa mgolo kamtengo kosalala kokhala ndi timizere tocheka ndi mpeni. Ndinali nditakaonapo, n'kumayesa kuti n'kopherako mphemvu. "Ndimaviika aka, ndione kuti muli madzi a zigubu zingati. Ndiye ndimathira limodzi pa chigubu chilichonse, monga ananenera a lole aja."

"M'mawa uliwonse. Madzi omwewo, a dzulo ndi a dzana."

"Mankhwala amafooka, mayi. Kudipi ukangosiya osawonjezera..."

"Ndife ng'ombe ife? Mwationa nkhupakupa?"

Bambowo anabwereranso pansi. Sanamvetsebe chimene chinalakwika. Ankayang'ana agogo, kuyang'ana mkazi wawo, ngati akudikira kuti wina awamasulire.

"Madzi amenewo amalowa m'nyumba muno atathiridwa kale," agogo anatero, akuloza ine. "Uyu amathira pageti. Chigubu chilichonse. Inu n'kubwera m'mawa kudzathira mgolo wonse, mawa lake mgolo wonse, mkuja mgolo wonse. Mapiritsi a mvula yonse mwawamwetsa mgolo!"

Anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Mphwanga, n'zoona?"

"Eya, bambo."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku loyamba lomwe."

Mayi a mwana anayamba kulira mokalipa. "Inunso osandiuza bwanji? Ine ndimadziwa kuti mnyamatayu amathira! Mukanangofunsa!"

"Ndikanafunsa chiyani, ntchito ndikuiona ndi maso? Iwe ukasesa umandiuza?"

Palibe anaseka. Bambowo anayang'ana kamtengo kawo kaja nthawi yaitali, kenako anakaika pansi mosamala ngati kangasweke. Anati ankaganiza kuti popeza ndiwo mwamuna wamkulu panyumbapo, nkhani ya mankhwala ndi yawo, ndipo sakanalola kuti mayi okalamba azikwera pampando kufikira shelefu. Agogo anangoti, "Mukanandipha ndi ulesi bola, kusiyana n'kundipha ndi khama."

Mawa lake ndinapita kukiliniki. Ndinaima pamzere mpaka masana, pakati pa anthu ogona pansi, ndipo nesi wotopa anandiuza kuti mapiritsi a madzi anatha, tidikire lole. Bambo aja anafunsafunsa ku Mbare. Anapeza anyamata akugulitsa, koma ankafuna ndalama zakunja, ndipo ena ankagulitsa timapiritsi toyera tosakulunga timene palibe akanasiyanitsa ndi ta mutu. Oyandikana nafe, amene ankabwera ndi makapu aja, aliyense anali ndi ana ake. Mayi wina anatipatsa awiri atakulunga m'kansalu, n'kutipempha kuti tisauze amuna awo. Anatha tsiku lomwelo.

Chotsala chinali kuwiritsa. Magetsi ankabwera mwa apo ndi apo, mwina osabwera n'komwe, ndipo nkhuni zinali zitasanduka chinthu chamtengo wapatali. Tinasonkha mabokosi a tomato a agogo, ziputu za chimanga za kudambo, ngakhale nsapato zakutha. Tikaphika chakudya, moto wotsala unkakwanira mphika umodzi wa madzi. Tinagwirizana kuti amenewo ndi a mwana ndi agogo. Agogo anakana, ati munthu wotha kale sapikisana ndi khanda, koma mayi a mwana anawayankha kuti akapanda kumwa, nawonso samwetsa mwanayo. Anamwa akung'ung'udza.

Ife atatu tinatsala ndi mgolo. Madzi ake anali akununkhabe kwambiri, ndipo bambo aja, akulankhula kwa mkazi wawo koma mokweza kuti agogo amve, anati mwina mphamvu yake ndi yokwanira kupha zoipa za m'madzi atsopano tikasakaniza.

"Ayambanso za kudipi," agogo anatero.

"Nanga titani, mayi?"

Ndinatsanulira zigubu za kuchitsime mumgolo, zosathira kanthu. Kuyambira pamenepo muyeso wathu unali mphuno. M'mawa uliwonse ndinkachotsa chivindikiro n'kulowetsa mutu. Fungo limene tinkadandaula nalo lija tsopano tinkalifunafuna. Linkachepa ndikuona. Tsiku lina ndinanunkhiza n'kumva dzimbiri lokha ndi matope. Ndinaitana agogo, nawonso ananunkhiza, kenako mayi a mwana. Mayiwo anati akumva pang'ono. Sindikhulupirira kuti ankamva.

Iwo ndiwo ankamwa kwambiri, poti ankayamwitsa ndipo ludzu silinkawachoka. Ine ndinkamwa pang'ono kwambiri, milomo mpaka kung'ambika. Akandiona ndikuzengereza ndi kapu ankandiseka. "Ana a m'tauni inu! Ine ndinakulira madzi a m'damu, momwera ng'ombe. Mimba yanga ndi yachitsulo."

Zinawayamba m'mawa, akuchapa matewera kuseri. Ndinawaona akuthamangira kuchimbudzi, n'kubwerera, n'kuthamangiranso. Ulendo wina sanabwerere. Agogo anakawapeza atatsamira khoma, ndipo anandikuwira kuti ndibweretse ndowa ndi nsanza. Zimene zinkatuluka sizinali ngati za munthu wotsegula m'mimba. Anali madzi oyera ngati otsukira mpunga, ndipo sankasiya.

Sindinkadziwa kuti munthu angathe kusintha msanga chotero. Pamene dzuwa linkafika pamutu, maso awo anali atalowa m'kati, masaya ataphwa, zala zitachita makwinya ngati za agogo. Mawu anasanduka kamphepo. Mkazi amene m'mawa womwewo ankaimba akuchapa ndinkamuona ngati mlendo. Agogo anasungunula mchere m'madzi owiritsa a mwana aja, shuga tinalibe, n'kumawamwetsa ndi supuni. Ankabweza zonse.

"Thamanga ukaitane bambo ake."

Ku Mbare n'kutali. Ndinathamanga mpaka ku Machipisa, n'kupeza kondakitala wa minibasi amene ankawadziwa, ndipo ndinamupempha m'Chishona kuti akawauze kuti kunyumba kwavuta. Anafika akuwefuka, malaya ali chinyezi. Ataona mkazi wawo anaima pakhomo, manja ali lende.

"Musaime ngati mtengo, nyamulani munthuyu!" agogo anakuwa.

Galimoto zinkakana odwala otere. Tinayala bulangete m'wilibala yanga ya madzi, n'kuwagoneka m'menemo, miyendo ikulendewera kutsogolo. Agogo anatsala kunyumba atabereka mwana, yemwe ankalira kufuna bere. Tinkakankha mosinthana, ine ndi bambowo, kulowera kumatenti kumene ankalandirira odwala kolera. Anthu m'njira ankapatuka, ena atatseka mphuno ndi malaya. Tinadutsana ndi wilibala ina ikubwerera, munthu wake atafunditsidwa mpaka kumutu. Bambowo anayang'ana kumbali n'kuwonjezera liwiro. Njira yonse ankangolankhula ndi mkazi wawo. "Iwe, usagone. Ukundimva? Wati mimba yako ndi yachitsulo, iwe." Mayiwo sankayankha.

Pampanda wa waya anatipopera mankhwala kumapazi ndi m'manja, anapoperanso wilibala. Fungo lake linali lomwe lija la mumgolo wathu. Anthu ovala magulovu ananyamula mayiwo kulowa nawo, ine anandiuza kuti ndizipita. Ndinabwerera ndekha ndikukankha wilibala yopanda kanthu.

Kunyumba ndinapeza agogo atakhuthula mgolo wonse m'ngalande, n'kuuvundikira. Mwana anali atatopa n'kulira. Tinamupatsa phala lamadzimadzi, ndipo pophika phalalo bokosi lomaliza la tomato linapsa. Madzi owiritsa anatsala ochepa pansi pa mphika. Agogo anawayang'ana, n'kuyang'ana ine.

"Mawa tisonkha chiyani?"

Ndinayang'ana m'khitchini monse. Munalibe china choyaka kupatula shelefu ndi chitseko.

M'mawa mwake, ndisananyamuke kupita kuchitsime, ndinamva geti likutsegulidwa. Anali bambo aja, maso ali ofiira, nkhwangwa yobwereka ili m'manja. Analowa m'chipinda chawo osapereka moni. Kenako tinamva kugunda, ndi thabwa likung'ambika. Agogo anadzuka, mwana ali m'manja, n'kukaima pakhomo pawo. Ine ndinali kumbuyo kwawo.

Ankaphwanya bedi. Matiresi anali atawaimika kukhoma, ndipo ankawaza miyendo ndi matabwa ake kukhala tizidutswa tofanana, tokwanira pambaula.

"Bambo a mwana, mwapenga?"

"Ndi mtengo wa mukwa uwu, mayi. Ndinapala ndekha kufamu. Umayaka nthawi yaitali."

"Ndiye mkazi wanu akabwera adzagona pati?"

Nkhwangwa inaima m'mwamba. Anaitsitsa pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere panyumbapo ndinawaona akuyang'ana agogo m'maso.

"Akabwera adzagona pansi, mayi."

"Ali bwanji?"

"Dripi ikulowa. Kusanache anatsegula maso n'kufunsa mwana. Anesi ati tidikire. Ena amadzuka, ena ayi."

Agogo anawayandikizira mwanayo, koma bambowo anabwerera m'mbuyo, akuonetsa manja awo kuti achokera kumatenti. Anangomuyang'ana.

"Mwamwa kanthu chichokere dzulo?"

"Kumeneko kuli thanki, amatipatsa."

"Musandinamize."

"Sindikunama, mayi."

Anasonkhanitsa tizidutswa tija, kutimanga ndi waya, n'kutuluka nato panja pamene ndinali nditaimika wilibala. Mtolo unali waukulu kuposa mmene ndinkaganizira. Misomali anali ataizula kale.

"Mphwanga, gwira."

Ndinatambasula manja, iwo n'kundisenzetsa. Unali wolemera, ukununkha thabwa latsopano ndi sopo wa mayi a mwana.

"Uwiritse a mwana, a agogo, ndi ako omwe. Usamwenso osawiritsa, wamva? Owiritsa kale uziika padera, m'chigubu chakechake, umangepo kansalu. Wina angawabwezere pamoto. Nkhuni zake ndi zomwezi."

"Ndamva, bambo."

Anavala chipewa, natuluka pageti kubwerera kumatenti.